Kompyuta yoyaka lero n'kukana mawa: musathamangire kufomata

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa vuto limene limawonongetsa anthu nthawi ndi mafayilo awo, pamene mankhwala ake alipo. Kompyuta imayaka bwinobwino Lolemba ndi Lachiwiri, Lachitatu n'kuima panjira, sikirini yakuda, mizere ya Chingerezi ili mbwee. Mwiniwake aizimitsa, aiyatsanso, iyo n'kuyaka ngati palibe chachitika. Pakapita masiku angapo, zomwe zija. Malangizo amene amamveka kawirikawiri ndi akuti "ingofomatani, muikemo zatsopano." Ifeyo, monga anthu okonza makompyuta, tikutsutsa malangizo amenewa. Kufomata kumafufuta umboni wonse, ndipo ngati cholakwika chili pa chingwe kapena pa magetsi, vutolo limabwerera sabata yomweyo, mafayilo atapita kale.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'masekondi oyamba aja. Mukadina batani, BIOS kapena UEFI, kapulogalamu kokhala pa motherboard kamene kamayamba kugwira ntchito, imaona madisiki amene alipo n'kusankha yoyambira. Pa kompyuta ya Linux, pulogalamu yoyambitsa yotchedwa GRUB imakweza kernel, mtima wa Linux, pamodzi ndi kadongosolo kakang'ono kotchedwa initramfs, kamene ntchito yake yaikulu ndi kupeza patishoni ya root, chigawo cha disiki chimene muli Linux yeniyeniyo, ndi kuimaunta. Kumaunta, monga timanenera pantchito, n'kulumikiza patishoni ku foda inayake kuti zimene zili m'patishonimo zizioneka m'fodamo. Root ikapezeka, systemd, pulogalamu yoyang'anira kuyatsa kwa zina zonse, imatsatira fayilo ya /etc/fstab n'kumaunta zina zonse zolembedwamo: /home, /boot/efi, disiki yachiwiri yosungiramo zinthu, ndi zina zotero. Mukapanda kunena mwina, systemd imatenga patishoni iliyonse ya m'fayiloyo kuti ndi yofunika moti kompyuta singapitirire popanda iyo. Imadikira disikiyo masekondi 90. Ikapanda kuoneka, zonse zimaima n'kukusiyani mu emergency mode, sikirini yolembapo malamulo okha.

Mfundo imene tikufuna owerenga aigwiritsitse ndi iyi: chilembo cholakwika mu fstab sichisankha masiku. Chimalepheretsa kompyuta nthawi iliyonse. Choncho vuto likamabwera n'kupita, ndiye kuti pali chinthu chimene chimasintha pakati pa kuyatsa kumodzi ndi kwina. Mwina zinthu ziwiri zikupikisana ndipo wopambana amasinthasintha, mwina kachipangizo kena kayamba kutha mphamvu, mwinanso kompyutayo inazimitsidwa m'njira yosiyana dzulo lake. Ntchito yonse ndi kupeza chimene chikusinthacho.

Chida choyamba ndi pepala ndi cholembera. Nthawi iliyonse ikakana, lembani ngati inali yozizira, itagona usiku wonse, kapena ngati munangodina Restart. Ngati magetsi anachotsedwa kukhoma. Ngati panali fulashi kapena disiki ya USB yobayidwa. Ngati munali mu Windows musanazimitse. Jambulani sikirini ndi foni musanaizimitse. Pamene yaimira pakunena zambiri. Ikalemba zoti palibe disiki yoyambira, GRUB isanaoneke n'komwe, ndiye kuti BIOS yeniyeniyo sinaione disikiyo, ndipo fstab ilibe mlandu. Ikafika pa mawu akuti "Gave up waiting for root file system device" n'kukupatsani kamzere koyamba ndi initramfs, ndiye kuti root ndi imene yachedwa. Ikamawerenga masekondi pa "A start job is running for" kenako n'kulemba "Timed out waiting for device" ndi "Dependency failed for Local File Systems", ndiye kuti root yapezeka koma patishoni ina ya mu fstab yasowa.

Chachiwiri, werengani zimene kompyutayo inadzilembera pa tsiku limene inakana. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amayang'ana zolemba za kuyatsa kumene kwatheka, n'kupeza zonse zili bwino. Lamulo la journalctl --list-boots limaonetsa kuyatsa konse kumene kwasungidwa. Lamulo la journalctl -b -1 limaonetsa kuyatsa kwam'mbuyo, -b -2 kwam'mbuyo kwake. Mukawonjezera -p err mumatsala ndi zolakwika zokha, ndipo -k imakupatsani mauthenga a kernel okha. Ngati mndandandawo ukuonetsa kuyatsa kumodzi kokha, ndiye kuti zolembazo zikumafufutika mukazimitsa. Tsegulani /etc/systemd/journald.conf, ikani Storage=persistent, ndipo dikirani kuti ikanenso. Dziwani kuti ikaimira mu initramfs sipamakhala cholembedwa pa disiki, chifukwa disiki yolembapoyo ndi imene yasowa. Apo chithunzi cha pafoni chija ndiye umboni wanu wokhawo.

Tsopano zoyambitsa. Chofala kwambiri, komanso chosavuta kukonza, ndi mayina a madisiki. Mayina akuti /dev/sda, /dev/sdb ndi /dev/sdc si mayina okhazikika. Kernel imafunsa madisiki onse nthawi imodzi, ndipo yoyamba kuyankha ndi imene imatchedwa sda. Lero SSD yayankha msanga, ndi sda. Mawa munaiwala fulashi pa doko la USB, kapena disiki ina yadzuka mofulumirirapo, mayina asinthana. Ngati mu fstab munalemba /dev/sdb1 kuti ndiye /home, tsiku limenelo systemd ipeza chinthu china pa dzinalo, kapena sipeza kanthu. Madisiki a NVMe nawonso amatha kusinthana pakati pa nvme0 ndi nvme1.

Mankhwala ake ndi UUID, nambala yaitali imene imalembedwa m'kati mwa patishoni pa nthawi yoifomata, ndipo imayenda nayo kulikonse. Lembani lsblk -f kapena sudo blkid kuti muione. Musanakhudze chilichonse, koperani fayiloyo ndi sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.yakale. Kenako pamene panali /dev/sdb1 ikanipo UUID= ndi nambala ija, ndipo muikopere, musailembe pamanja. Mzerewo umakhala ndi zigawo 6: UUID, foda yomauntapo, mtundu wake monga ext4, zosankha monga defaults, kenako manambala awiri. Nambala yomalizayo imauza fsck, pulogalamu yoyendera ndi kukonza mapatishoni, dongosolo loyenderamo: 1 ndi ya root, 2 ya mapatishoni ena, 0 kutanthauza osayendera. Mukatha, musayambe mwadina Restart. Lembani sudo findmnt --verify kuti ikuonetseni zolakwika, kenako sudo systemctl daemon-reload, kenako sudo mount -a. Zonsezi zikadutsa mwakachetechete, ndiye mungazimitse.

UUID nayo ili ndi msampha wake. Mukakopera disiki yathunthu ndi dd kapena Clonezilla, nambalayo imakoperedwanso. Mukasiya madisiki onse awiri m'kompyuta, pamakhala mapatishoni awiri a nambala imodzi, ndipo amene amauntidwe ndi amene waoneka pa nthawiyo. Ili ndi loopsa kuposa kukana kuyaka, chifukwa kompyuta imayaka ndithu, koma lero mukulemba pa disiki yatsopano, mawa pa yakale, n'kumadabwa kuti ntchito ya dzulo yalowera kuti. Onani mu blkid ngati pali nambala yobwerezedwa. Ngati ilipo, chotsani disiki yakaleyo, kapena isintheni nambala ndi tune2fs -U random ngati ndi ext4, kapena xfs_admin -U generate ngati ndi XFS, patishoniyo isanamauntidwe. Msampha wina ndi swap, patishoni imene Linux imaigwiritsa ntchito ngati memore yowonjezera. Mukaika Linux yachiwiri pa kompyuta yomweyo, imatha kufomatanso swap n'kuisintha UUID. Linux yoyamba ija izidikira swap imene kulibenso. Pa Debian ndi Ubuntu konzani nambalayo mu fstab komanso mu /etc/initramfs-tools/conf.d/resume ngati fayiloyo ilipo, kenako sudo update-initramfs -u.

Choyambitsa chachiwiri ndi disiki yochedwa kudzuka. SSD imakhala yokonzeka nthawi yomweyo, koma hadi disiki yozungulira imafuna masekondi angapo kuti mbale zake zifike pa liwiro lozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndipo yokhala m'kabokosi ka USB imachedwa kuposa pamenepo. Ichi n'chifukwa chake kompyuta ina imakana m'mawa koma ukadina Restart imayaka: ulendo wachiwiri disiki imakhala ikuzungulira kale. Pali njira yosavuta yotsimikizira. Mukagwera pa kamzere ka initramfs, dikirani theka la mphindi, lembani ls /dev/disk/by-uuid. Ngati nambala ya root yaoneka, lembani exit. Kompyuta ikapitiriza n'kuyaka, mwaligwira vutolo. Pa Debian ndi Ubuntu, tsegulani /etc/default/grub, wonjezerani rootdelay=30 m'kati mwa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, kenako sudo update-grub. Ngati yochedwayo si root, wonjezerani nthawi pa mzere wake mu fstab ndi x-systemd.device-timeout=180s. Koma tinene poyera: disiki ya m'kati imene ikulephera kuoneka m'masekondi 90 si yochedwa chabe, ikudwala, ndipo kuiwonjezera nthawi n'kuphimba chilonda.

Zimenezi zikutifikitsa pa mawu akuti nofail, amene anthu amawakonda mopitirira muyeso. Mukawaika pa zosankha za mzere wa fstab, systemd imapitiriza kuyatsa kompyuta ngakhale disikiyo isaoneke. Pa disiki ya USB imene imachotsedwachotsedwa, ndi oyenera ndithu, ndipo ndi bwino kuwaphatikiza ndi x-systemd.device-timeout=10s. Koma taonani zimene zimachitika akaikidwa mosaganizira. Tinene kuti disiki ya 4 TB imamauntidwa pa /data, ndipo usiku uliwonse pulogalamu yosunga makope imalembamo. Tsiku lina disikiyo sinaoneke. Chifukwa cha nofail, kompyuta yayaka osadandaula. Foda ya /data ilipobe, yopanda kanthu, koma tsopano ili pa disiki ya root, mwina ka SSD ka 120 GB. Pulogalamu ija sidziwa kusiyana kwake. Ikuona foda yopanda kanthu, n'kuyamba kukopera zonse kuyambira pachiyambi mpaka root kudzaza thoo. M'mawa mwake disiki yaikulu ija yaoneka, yamauntidwa pamwamba pa fodayo, ndipo mafayilo adzaza rootwo abisika pansi pake. Lamulo la df, loonetsa malo otsala, likuti root yadzaza, koma la du, loyeza kukula kwa mafoda, silikupeza chodzazacho. Munthu atha tsiku lonse akusaka. Kuti muwaone, lembani sudo mount --bind / /mnt n'kuyang'ana mu /mnt/data.

Kupewa kwake kuli pawiri. Choyamba, disikiyo isanamauntidwe, lembani sudo chattr +i /data. Foda yopanda kanthuyo imakhala yokhoma moti ngakhale akaunti ya root, yokhala ndi mphamvu zonse, singalembemo, koma kumauntapo kumatheka monga mwa masiku onse. Disiki ikasowa, pulogalamuyo imalephera poyera m'malo molemba polakwika. Chachiwiri, pulogalamu iliyonse yodalira disikiyo iuzidwe kuti iziidikira: sudo systemctl edit ndi dzina la sevisi yake, dzina limene systemd imaidziwira pulogalamuyo, n'kuikamo RequiresMountsFor=/data pansi pa gawo la Unit. Izi n'zofunika chifukwa nofail imachotsanso kudikira, ndiye sevisi imatha kuyamba masekondi angapo disiki isanafike.

Za mafoda a pa netiweki, monga NFS ndi Samba, sitichedwapo. Mpikisano wake ndi womwewo, kungoti wochedwayo ndi netiweki, makamaka Wi-Fi. Ikani x-systemd.automount kuti fodayo izimauntidwa pamene wina waitsegula koyamba. Pa madisiki a iSCSI, amene amaoneka ngati a m'kati pamene akudutsa pa netiweki, musaiwale _netdev.

Choyambitsa chachitatu chimakhudza okhala ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukasankha Shut down, Windows sizimiratu. Imagoneka kernel yake m'fayilo ya hiberfil.sys n'kusiya mapatishoni a NTFS ali ndi chizindikiro choti akugwirabe ntchito. Linux ikapeza chizindikirocho imakana kumaunta patishoniyo, kapena imalola kuwerenga kokha, ndipo imachita bwino kutero chifukwa kulembapo kungawononge zinthu. Chosokoneza n'chakuti mukasankha Restart, Windows imatseka zonse bwinobwino. Ndiye munthu amaona ngati vutolo lilibe mutu, pamene likutsatira batani limene anadina potuluka mu Windows. Zimitsani Fast Startup mu Power Options, kapena lembani powercfg /h off mu Command Prompt ya administrator. Lamulo limeneli limachotsanso hibernate, kuzimitsa kosunga ntchito imene munali nayo yotsegula, ndiye a laputopu aganizirepo kaye.

Zonsezi zikakhala bwino, tsegulani bokosi. Koma musanagwire sikuludiraiva, bwererani ku journalctl -k -b -1 n'kusaka mizere yoyamba ndi ata ndi nambala. Mawu monga "link is slow to respond", "COMRESET failed", "hard resetting link", "limiting SATA link speed" ndi "BadCRC" amaloza ku njira ya pakati pa disiki ndi motherboard: chingwe, doko, kapena magetsi. Mawu akuti "I/O error" pamodzi ndi "UNC" amaloza ku disiki yeniyeniyo. Ikani smartmontools, pulogalamu yowerenga thanzi la disiki, n'kulemba sudo smartctl -a /dev/sda, kapena dzina la disiki imene mukuikayikira. Osakhutira ndi liwu loti PASSED pamwamba paja, disiki imatha kufa ilo likadalipo. Yang'anani manambala a kumapeto kwa mizere iyi, imene tikuitchula ndi nambala yolembedwa kumayambiriro kwake. Mzere 5 ndi malo oonongeka amene disiki yawalowetsa kale m'malo. Mizere 197 ndi 198 ndi malo amene ikulephera kuwerenga panopa. Mzere 10 ndi maulendo amene mota inalephera kudzuka ulendo woyamba. Mzere 199 ndi zolakwika za pa chingwe. Nambala ya 199 sibwerera pa 0 ngakhale mutasintha chingwe, ndiye ilembeni papepala, sinthani chingwecho, ndipo muone pakatha sabata ngati yakwera. Ikaima pomwepo, chingwe chinali ndi mlandu, disiki ndi yabwino. Madisiki ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa chosadziwa kusiyanitsa 199 ndi 197.

Ngati 197 kapena 198 yaposa 0, kapena 5 ikukwera, siyani zonse mukopere mafayilo kaye. Musathamangire fsck pa disiki yodwala, chifukwa imawerenga ndi kulemba kwambiri ndipo imatha kuimalizitsa. Yatsani kompyuta ndi fulashi ya Linux, koperani disikiyo ku ina ndi ddrescue, ndipo fsck muichite pa kopeyo. Ndipo fsck sichitidwa pa patishoni yomauntidwa, ngakhale disiki ikhale yathanzi.

Chingwe cha SATA chisinthidwe ndi chokhala ndi kachitsulo kotsekera, chisapindidwe mwamphamvu pafupi ndi mutu wake, ndipo yesaninso doko lina la pa motherboard. Kumbali ya magetsi, hadi disiki ya mainchesi 3.5 imakoka pafupifupi ma ampu 2 pa waya wa 12V pa nthawi yodzuka, kuposa kwambiri zimene imadya ikamazungulira kale. Madisiki 4 kudzuka nthawi imodzi pa waya umodzi wogawidwa ndi timawaya ta Y, pa power supply yokalamba, magetsi amatsika kwa kanthawi, ndipo disiki imodzi imatsalira. Muyeso wa ATX, umene ma power supply ambiri amatsatira, umalola kusiyana kwa 5 peresenti, kutanthauza kuti waya wachikasu ukhale pakati pa 11.4V ndi 12.6V, wofiira pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Yezani ndi multimeter pa pulagi ya Molex, ya mabowo anayi yochokera ku power supply, yopanda ntchito, mukuyang'ana pa mphindi yeniyeni yoyatsa. Kutsika kwachangu kwambiri mita singakuone, ndiye kuyesa power supply ina ndi umboni wodalirika kuposa. Musatsegule power supply yeniyeniyo, imasunga magetsi oopsa ngakhale itachotsedwa kukhoma. Pa madisiki a USB, doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA. Disiki ya mainchesi 2.5 pa doko lakutsogolo kapena pa habu yopanda magetsi akeake imatha kumveka "tiki, tiki" osadzuka. Ibayeni kumbuyo, pa motherboard penipeni.

Kotsiriza, kamene kamaiwalika, ndi kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, ka 3V. Kakatha, kompyuta yapadesiki imakumbukirabe zosankha za BIOS bola ikhale yobayidwa kukhoma, chifukwa power supply imapatsa motherboard magetsi pang'ono ngakhale itazimitsidwa. Magetsi akangochoka, BIOS imabwerera ku zosankha zakufakitale: dongosolo la madisiki oyambira limasintha, ndipo chosankha cha mmene madoko a SATA amagwirira ntchito chimatha kuchoka pa AHCI kupita pa RAID kapena IDE. Apo Linux imatha kusaona disiki, ndipo Windows imagwa ndi sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Chizindikiro chake ndi deti ndi nthawi zobwerera m'mbuyo. Sinthani kabatireko, konzaninso zosankhazo. A Windows yokha angaonenso mu Event Viewer, gawo la System: zochitika 7 ndi 153 za disk, ndi 129 ya storahci, zimanena nkhani yomwe ija ya chingwe ndi disiki yodwala.

Ngati mwagwera mu emergency mode ndipo fstab ikukana kusintha, lembani mount -o remount,rw / kaye, kenako ikani chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wovutawo kuti mulowe. Ikakuuzani kuti akaunti ya root ndi yokhoma, yatsani ndi fulashi n'kukonza fayiloyo kuchokera kumeneko.

Pokonza zonsezi, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha chingwe, fstab ndi kabatire tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chinachiza, ndipo likadzabwerera mudzayambiranso. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masamu akugwirizana nazo. Tinene kuti kompyuta imakana kamodzi pa maulendo 5. Ngakhale musakonze kalikonse, mwayi woti iyake maulendo 5 otsatizana ndi pafupifupi 1 pa 3. Ndiye kuyesa kasanu n'kunena kuti yachira ndi kudzinamiza. Pa maulendo 20 otsatizana, mwayi umenewo umatsika kufika pafupifupi 1 pa 100. Maulendo amenewa akhale ofanana ndi amene inkakanira malinga ndi pepala lanu lija: ngati inkakana yozizira, izimitseni, chotsani pulagi kukhoma, dikirani mphindi zingapo kuti mbale ziime ndi magetsi athere, kenako yatsani. Ulendo uliwonse lembani systemctl --failed ndi findmnt /data kuti mutsimikize kuti disikiyo yamauntidwadi, chifukwa pamene pali nofail, kuoneka kwa sikirini yolowera sikutsimikizira kanthu.

Ndife owerenga anu,
Amisiri okonza makompyuta